Njovu zinabwerera ku Majete, nanga ife tili mbali iti ya mpanda?

Aphunzitsi Kamanga: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Dzulo tinapita ku paki ya nyama ya Majete ndi ana a Sitandade 7, zithunzi ndi zimene ndaponyazi. Ndinene chilungamo, ine ndinabadwira konkuno ku Chikwawa, imvi zayamba kale, koma chipembere ndachiona koyamba dzulo. Mwana wina atachiona akuti, "Aphunzitsi, imeneyi ndi mvuu yomera nyanga?" Tinaseka tonse mpaka adalaivala omwe.

Anachisale: Koma ndiye mwadyerera aphunzitsi. Ulendo wina mudzatitenge ife makolo, tisamangomva kwa ana.

Bambo a Tadala (Joni): Zithunzi zabwino achimwene. Koma funso langa ndi lakale lomwe lija. Malo amenewa ndi andani? Amene akuyendetsa Majete ndi bungwe la African Parks, ndipo likulu lawo lili kuno ku Johannesburg kumene ndikuvutikira ineku. Nkhalango ili kwathu, Shire ali kwathu, koma chiwongolero chili kwa eni ake ena. Ine zimandiwawa.

Amalume Fulaye: Bambo a Tadala, mwabweranso ndi nkhani yanu ija. Chabwino, lero ndili ndi mpata, ndiyankha bwinobwino. Ine ndinagwira ntchito ya ugemu zaka zambiri, ndipo Majete ya kale ndikuidziwa. Inakhazikitsidwa mu 1955, koma pofika 1992 munalibe njovu ndi imodzi yomwe. Zipembere zinali zitatha kalekale, mikango inatha, njati zinatha. Munthu unkayenda tsiku lonse osaona ngakhale phazi la nyama yaikulu, koma zitsa, mauvuni a makala ndi makhwekhwe. Sanamalize nyamazo ndi azungu a ku Johannesburg ayi. Tinamaliza ndife, pamodzi ndi ogula minyanga amene ankatituma.

Mu 2003 boma, kudzera ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire ndi malo osungirako nyama, linasainirana ndi African Parks mgwirizano wa zaka 25. Majete ndi imodzi mwa mapaki oyambirira enieni amene bungweli linatenga. Nthaka siinagulitsidwe, ikadali ya dziko la Malawi, nyamanso ndi za dziko la Malawi, malamulo ndi a Malawi. Iwo anapatsidwa kuyendetsa: kupeza ndalama, kulemba ntchito agemu, kumanga mpanda, kukonza misewu. Chaka chomwecho anabweretsa zipembere, mu 2006 njovu, mu 2012 mikango, mu 2018 akadyansonga, mu 2021 mimbulu. Akulu anati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Bambo a Tadala (Joni): Akulu omwewo anatinso mlendo ndi mame, amalume.

Anachisale: Hahaha lero kuli ntchito.

Amalume Fulaye: Mame a zaka zoposa 20? Amenewo si mame, ndi mvula ndithu.

Sisi Thoko (Leeds): Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti ya usiku. Amalume, ndi ulemu wonse, zimene mwanena za nyama palibe angatsutse. Koma kunoko nkhani ya bungweli imamveka mbali ziwiri. Ku Congo-Brazzaville amayendetsa paki ya Odzala-Kokoua, ndipo anthu a mtundu wa Baka, amene moyo wawo wonse ndi wa m'nkhalango, anadandaula kuti agemu ankawamenya ndi kuwachita nkhanza zoopsa. Bungweli linaitana maloya a ku London kuti afufuze, ndipo mu May 2025 linavomera kuti nkhanza zinachitikadi. Koma lipoti lonse silinatulutsidwe kuti anthu awerenge okha. Ine mpamene mtima wanga unakhumudwa. Ngati wavomera kuti kunalakwika, ukubisiranji pepala?

Amalume Fulaye: Mwana wanga, za ku Congo sindingaziikire kumbuyo. Gemu womenya munthu wosalakwa ndi chigawenga chovala yunifolomu, basi. Koma usatenge mlandu wa ku Congo kuusenzetsa anyamata a kwa Chapananga, kufupi ndi Majete, amene akugona m'tchire kulondera zipembere.

Sisi Thoko (Leeds): Sindikuwasenzetsa amalume. Ndikungoti bungwe ndi limodzi, ndipo likuyendetsa mapaki oposa 20 m'maiko ambiri a mu Africa. Dzanja limodzi likagwira malo aakulu chonchi, komanso lili ndi anthu onyamula mfuti, payenera kukhala wina wolifunsa mafunso. Kwathu wolifunsayo ndani? Mfumu? Phungu? Khonsolo?

Che Saidi: Salamu kwa nonse. Ine ndine mkamwini chabe pagulu pano, ndiye mundilole ndilankhuleko za kwathu ku Liwonde. Alamu anga a ku Joni, inu munachoka kalekale, mwina mwaiwala kugona pa nsanja. Isanafike 2015, ife oyandikana ndi paki tinkagona kumunda ndi zitini, tochi ndi moto. Njovu ikalowa m'munda wa chimanga usiku umodzi, khasu la chaka chonse lapita. Anthu ankafa, njovunso zinkafa. M'kati mwa pakimo munali makhwekhwe a waya osawerengeka, nyama zikuyenda ndi zilonda m'miyendo. African Parks itatenga Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, chinthu choyamba chimene ife tinachiona ndi mpanda wamagetsi. Sindinena kuti njovu sizitulukanso, njovu ndi yochenjera, imagwetsera mtengo pa waya. Koma kugona m'nyumba tinayamba kukudziwa.

Bambo a Tadala (Joni): Nanga nsomba alamu? Nanga nkhuni? Mpanda umatsekera njovu m'kati, koma umatsekeranso munthu kunja.

Che Saidi: Apo mwalasa. Amene ankadalira kuwedza mbali ya Shire ya m'pakimo analira, sindingabise. Ena anayamba ulimi wa tsabola, poti njovu siidya, ena njuchi. Koma msodzi wa zaka 50 kumuuza kuti ayambe ming'oma ya njuchi lero, si zophweka monga zimaonekera pa zithunzi za alendo.

Anachisale: Ku Majete kuno amalola anthu kulowa kukamweta udzu wofolera ndi kudula nsungwi pa nyengo yake, kudzera m'makomiti a m'midzi. Azakhali anga denga lawo ndi la udzu wa m'menemo. Koma umalowa tsiku limene wauzidwa, ndi woperekeza, n'kutuluka pa nthawi yake. Agogo anga akanakhala moyo akanati, udzu womera wokha mpaka kulembetsa dzina?

Mphatso: Azakhali, popanda kulembetsako bwenzi udzuwo utapsa mu Ogasiti ndi moto wa osaka mbewa.

Anachisale: Iwe Mphatso, mbewa zikulakwira chiyani? Sukulu yako ya kukolejiyo fizi yoyamba inachokera ku mbewa za amako pa Dyeratu.

Mphatso: Pepani azakhali, ndabweza mawu anga.

Che Saidi: Koma ndikuuzeni chimene sindidzaiwala. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Helikopita imazungulira banja lonse la njovu, dokotala akubaya ndi mankhwala ogonetsa ali m'mwamba, kuyambira mayi wamkulu wa gululo mpaka tiana. Zikagwa, anthu amathamangira kuika kamtengo kukamwa kwa chitamba kuti mpweya uzidutsa, n'kuphimba maso ndi khutu lake lomwe. Kenako kireni imainyamula miyendo m'mwamba, mutu pansi, ngati mbuzi ya pa chikondwerero cha Idi. Banja salilekanitsa, amalitengera limodzi. Malole akudutsa pamsewu, ana kuthamangira kumaonerera. Prince Harry anabwera kudzathandiza nawo mu 2016, ndiye nkhani inamveka dziko lonse.

Amalume Fulaye: Ndipo ganizirani, Majete imene inalibe njovu ndi imodzi yomwe mu 1992 ndi imene inapereka nawo njovu ku Nkhotakota. Kumeneko kale kunali njovu zoposa 1,500, zinatsala zosakwana 100. Ine nditamva ndinakhala pansi, misozi inalengeza.

Sisi Thoko (Leeds): Nanga za ku Kasungu tizilumpha?

Mphatso: Tisazilumphe, koma tizinene molondola achemwali, chifukwa anthu amasakaniza. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu. Ntchitoyo anagwirira limodzi boma, African Parks ndi bungwe lina la IFAW. Koma Kasungu siyendetsedwa ndi African Parks, ili m'manja mwa boma, IFAW ndiyo imathandizako. Vuto linali loti njovu zinafika mpanda usanazungulire, makamaka mbali ya kumalire ndi Zambia. Zotsatira zake nyuzipepala zinalemba: anthu anaphedwa mbali zonse ziwiri za malire, minda inaonongeka, nkhokwe zinaphwasulidwa. Anthu ena okhudzidwa anapeza maloya a ku Britain kuti awaimire pa dandaulo lawo ndi IFAW, ndipo IFAW inakana kuti mlanduwo ndi wake.

Sisi Thoko (Leeds): Ndi zomwe ndikunenazo. Pojambulitsa tsiku lotsitsa njovu aliyense amakhalapo, zikwangwani zili mbwee. Maliro akachitika, aliyense akuloza mnzake. Ndipo mbali ya Zambia imeneyo ndi abale athu, olankhula chinenero chathu chomwechi.

Amalume Fulaye: Apa sinditsutsa. Njovu siidziwa pasipoti, ndipo yobwera kumene siidziwa malire a mudzi. Kuisamutsa ndi ntchito ya milungu ingapo, kukhala nayo ndi ntchito ya moyo wonse. Choyamba chinayenera kukhala mpanda.

Anachisale: Ine ndifunse za pafupi, zakutali ndasiyira inu ophunzira. Dimba langa lili m'mbali mwa Shire, kutali ndi mpanda uliwonse. Chaka chatha mvuu zinandidyera chimanga chonse chachiwisi usiku uwiri. Ndinapita kukadandaula ku ofesi ina, anandilandira bwino, anandipatsa mpando, analemba dzina langa m'buku. Mpaka lero dzina langa likadali m'bukumo. Koma ine nditapha mvuu imeneyo, bwenzi mukundibweretsera nsima kundende.

Mphatso: Azakhali mwakhudza pachilonda penipeni. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa milandu ikuluikulu ya nyama zotetezedwa munthu angathe kukhala kundende mpaka zaka 30. Zimenezo zinathandiza kuopseza ogulitsa minyanga, tisakane. Koma lamulo lomwelo silikakamiza aliyense kupereka chipukuta misozi nyama ikaononga munda. Ndiye sikelo yapendekeka. Ndipo ameneyu si mlandu wa mabungwe akunja, lamulo amapanga ndi aphungu athu amene timawavotera tokha.

Bambo a Tadala (Joni): Mwana uyu akulankhula zanzeru lero.

Mphatso: Dikirani bambo aang'ono, inunso ndikubwererani. Mwati chiwongolero chili kwa alendo. Koma ndalama zoyendetsera mapakiwa zambiri zimachokera kunja: anthu olemera a ku America ndi ku Ulaya, maboma akunja, ngakhale lotale ya ku Netherlands inathandiza pa kusamutsa njovu kupita ku Nkhotakota kuja. Za pachipata ndi za malo ogona alendo monga Thawale zimathandiza, koma mafuta a helikopita, malipiro a agemu ndi kusamalira mpanda wa makilomita oposa 100 si masewera. Mukuti atuluke, chabwino. Mawa lake ndalama zimenezo tizitenga kuti? M'bajeti imene ikulephera kugula mankhwala m'zipatala?

Bambo a Tadala (Joni): Sindinati atuluke mawa. Ndati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tinaona mu 2025 America itatseka USAID, mapulojekiti anaima tsiku limodzi, anthu anangouzidwa kuti musabwerenso kuntchito. Olemera amene akupereka leroli tsiku lina adzatembenukira kwina, kapena adzamwalira ana awo n'kukonda zina. Tsiku limenelo mikango ili kale m'katimo, mpanda ukufuna batire. Tidzatani? Mgwirizano wa 2003 unali wa zaka 25, werengani nokha. Pokambirana za tsogolo lake, anthu a kwa Kasisi ndi kwa Chapananga ayenera kukhala pa mphasa yomweyo, osati kudzangomva pa wailesi.

Amalume Fulaye: Tsopano mwayamba kulankhula zimene ndingagwirizane nazo. Kukana mlendo n'kulakwa, kugona tulo chifukwa mlendo akulondera n'kulakwanso. Agemu ambiri ndi ana athu omwe, akuphunzira ntchito yapamwamba, kutsata zipembere tsiku ndi tsiku, kugwiritsa ntchito makina olondolera nyama. Luso limenelo likhala kuno. Chimene ndikufuna kuona ndi ana athu ambiri pa mipando yopanga ziganizo, ndi thumba la ndalama la kuno kwathu limene silidalira kuti wina ku Ulaya wadzuka bwanji.

Aphunzitsi Kamanga: Ine ndinangoponya zithunzi za ana, taonani kumene tafika. Koma poti zafika apa, pali china chinandikhudza dzulo. Wotiperekeza anafotokoza bwino za nyama iliyonse, kumene inachokera, chaka chimene inabwera. Pa mathithi a Kapichira anafotokoza za David Livingstone, kuti ngalawa yake inalephera kupitirira pamenepo mu 1859. Ana analemba zonse m'makope. Pobwerera ndinawafunsa kuti, nanga Livingstone asanafike, ankakhala kuno ndani, ankapembedza bwanji, mitengo imeneyi ankaitcha chiyani? Minibasi yonse zii. Vuto limenelo si la wotiperekeza, ndi langa ine mphunzitsi.

Anachisale: Aphunzitsi mwanena mawu. Agogo anga ankadziwa mtengo uliwonse ndi ntchito yake, wa m'mimba, wa mano, wa mayi wobereka kumene. Ankadziwanso mitengo yosadula. Inu mwaonapo munthu akutema nkhuni kumanda? Mudzi ungakhale mbee ngati bwalo la mpira, koma msitu wa kumanda uli chiimire. Palibe waya, palibe mfuti.

Amalume Fulaye: Pitani ku Nsanje mukaone Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona. Kozungulira konse mitengo inatha, koma msitu umenewo Amang'anja ausunga zaka mazanamazana ndi mwambo wokha. Kusamala chilengedwe sikunabwere pa ndege. Chimene chinatisokoneza ndi choti malo ambiri otetezedwa anayamba ndi kuchotsa anthu. Ku Kasungu atsamunda anasamutsa midzi ponena za matenda a kaodzera. Ku Nyika, pokulitsa paki mu 1978, anthu anachotsedwa n'kusiya manda a makolo awo m'katimo. Munthu amene agogo ake anathamangitsidwa, ukamuuza kuti nkhalango iyi ndi chuma chako, amakuyang'ana kawiri.

Sisi Thoko (Leeds): Amalume, ndiye tikugwirizana kusiyana ndi mmene timaganizira.

Amalume Fulaye: Pang'ono chabe mwana wanga, usasangalale msanga. Mwambo unasunga msitu wa kumanda chifukwa anthu ankaopa mizimu. Wogula nyanga ya chipembere ali ku Asia saopa mizimu ya kwa Lundu. Pamenepo pamafunika waya ndi mfuti, tifune tisafune.

Mphatso: Ndiponso dzina lokha silisunga chinthu. Zojambula za pa miyala za ku Chongoni ku Dedza zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, malo 127, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Phiri la Mulanje lalowa mu 2025. Koma mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa dziko lathu, unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu phirilo lili kale lotetezedwa pa pepala. Kusiyana kwa Majete ndi malo enawa n'koti ku Majete kuli wina amene amadzuka m'mawa uliwonse kukayendera mpanda, ndipo amalipidwa pa nthawi yake.

Che Saidi: Ndipo tisamangoloza akumudzi. Alamu, mukabwera pa Disembala mumafikira ku Blantyre kwa achemwali anu. Amaphikira chiyani?

Bambo a Tadala (Joni): Alamu musandiyalutse pagulu.

Che Saidi: Yankhani basi.

Bambo a Tadala (Joni): Makala. Koma magetsi akamazimazima aphikire chiyani?

Aphunzitsi Kamanga: Ndiye onani mmene chingwe chikuzungulira. Njinga za makala zimakwera chitunda cha ku Thabwa m'bandakucha uliwonse kupita m'tauni. Mapiri akayera, mvula imakokolola dothi lonse kulowa mu Shire, matope n'kumadzaza m'madamu a magetsi. Namondwe Ana atabwera mu Januwale 2022 anaononga damu la Kapichira, pakhomo penipeni pa Majete, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi atasowa, a m'tauni anagula makala ochuluka kuposa kale. Kenako Freddy mu Malichi 2023, inu nonse mukudziwa zimene tinaona kuno kuchigwa. Dzulo ndili m'pakimo ndinayang'ana mbali iyi ya waya, mitengo ili gwa. Mbali inayo, mbee. Ana anaona okha, sindinachite kuwauza.

Sisi Thoko (Leeds): Koma chilumba chobiriwira pakati pa anthu osowa nkhuni sichingakhale pa mtendere mpaka kale. Anthu akuchuluka, minda ikuchepa. Masukulu, mijigo ndi mabasale zimene bungweli limathandiza ndi zabwino, koma zimabwera ngati mphatso, ndipo wolandira mphatso safunsa kuti bwanji yachepa. Ine ndikanakonda zikanalembedwa poyera: chaka chino pachipata palowa zakuti, gawo la midzi ndi ili, lapita uku ndi uku. Azipachika pa bolodi kwa mfumu, m'Chichewa, aliyense aziwerenga.

Amalume Fulaye: Limenelo ndi pempho loyenera. Makomiti a m'midzi alipo, misonkhano imachitika. Vuto lathu timapita kumsonkhano kukamwa Fanta, mafunso n'kudzafunsira pa WhatsApp.

Anachisale: Amalume mwandinena ine.

Amalume Fulaye: Sindinatchule dzina mayi.

Aphunzitsi Kamanga: Chabwino, tichite chonchi. Mlamu wanga ali mu komiti ya kumudzi kwawo. Ndimupatsa mafunso atatu akapite nawo ku msonkhano ukubwerawu: la Sisi Thoko la ndalama za pachipata, la Bambo a Tadala loti midzi idzakhale nawo pokambirana za mgwirizano, ndi langa loti ana akamabwera azimvanso mbiri ya Amang'anja, osati ya nyama yokha. Pa funso lachitatuli amalume mutithandize, mudzabwere kusukulu mudzawauze ana maina a mitengo.

Amalume Fulaye: Ndidzabwera, koma munditumizire kabaza, bondo likuvuta.

Anachisale: Nanga funso la mvuu zanga?

Mphatso: Limenelo ndi la aphungu azakhali. Ndikulemberani kalata Loweruka ndikabwera, inu mudzangosaina.

Bambo a Tadala (Joni): Ine pa Disembala ndilipira minibasi imodzi, makolo apite akaone okha. Koma ndikakafika pachipata ndikafunsa mafunso anga onse, musadzandigwire malaya.

Che Saidi: Mukafunse muli m'galimoto alamu, mikango ya kumeneko siidziwa kuti ndinu mwini nthaka.

Admin: Abale, amene simunapereke za chipepeso cha kwa a Nyakwawa, mawa ndi tsiku lomaliza. Mayina ndiponya madzulo.

Anachisale: Yanga ndipereka m'mawa. Pano ndikutsikira kudimba, ana akuti aona mapazi atsopano m'mphepete mwa madzi. Amene ali ndi tochi yowala bwino pafupi ndi Dyeratu andibwereke, yanga mabatire atha.